Tisiyileni Wapolisi Wathu Wocedwa

Tatopa nao anzathu amene amatibwezela buku ya Colin Dexter asanafike na pakati pomwe, ati, "Ilibe moto iyi. Wapolisi wabwanji wosanyamula mfuti?"

Mvelani, anzathu. Apolisi ambili ku Britain sanyamula mfuti, ndipo Inspector Morse wa ku Oxford cida cake ni mafunso. Kuyambila mu Last Bus to Woodstock ya mu 1975, iye na Sergeant Lewis amagogoda khomo na khomo, kuyembekezela lipoti ya dokotala, kubwelelanso kwa mboni imene yanama. Ku England, lamulo ya mu 1984 imapatsa apolisi maola 24 cabe osunga munthu asanamuimbe mlandu. Akafuna kupitilila apo, afunika cilolezo.

Komanso Morse amaphonya kawili-kawili, amaloza cala munthu wosalakwa. Cimene cimamubweza ni umboni. Akanakhala wothamanga monga mufunila imwe, munthu uja akanaolela m'ndende.

Manje tiyankheni: tsiku imene m'bale wanu adzagwidwa pa mlandu umene sanacite, mudzafuna wapolisi uti? Ise tinasankha kale wocedwa.