Odziŵa Miyala ndi Odziŵa Chilengedwe Ayendere Limodzi

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, phiri la Soche mumzinda wa Blantyre lidagumuka, ndipo matope ndi miyala zidakwirira nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adataya miyoyo yawo. Ngozi yotere si yachilendo muno. Anthu a ku Phalombe sadaiŵale napolo wa mu 1991 wochokera m'phiri la Michesi, ndipo ku Zomba nkhani ya napolo wa mu 1946 imasimbidwabe.

Kodi phiri limagumukiranji? Katswiri wa za miyala adzayankha kuti pamene dothi lakhala pamwamba pa thanthwe lotsetsereka, madzi a mvula akafika pathanthwepo amasoŵa koloŵera. Dothi limalemera, limaterera, kenaka n'kutsika nazo zonse. Katswiri wa za chilengedwe adzati mitengo idatha, mizu yomanga dothi palibe, ndipo anthu adamanga nyumba m'njira za madzi. Onse aŵiri akunena zoona, koma aliyense wanenako theka chabe. Mfumu yofuna kudziŵa malo oti anthu ake asamangepo ifunika yankho lathunthu.

Nchifukwa chake maso ayenera kuloza ku sukulu zaukachenjede kumene akatswiri ameneŵa amasulidwa. Ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, ndiponso ku Yunivesite ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, imene idatsekulidwa mu 2014, maphunziro a mbali zonse ziŵiri alipo. Chofunika kupeŵa nchakuti ophunzira a mbali ziŵirizi angopatsana moni panjira kwa zaka zinayi, n'kudzayamba kudziŵana ngozi itagwa kale.

Nkhani ya migodi ikuwonjezera changu. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga udayamba ntchito mu 2009, udaima mu 2014 mtengo wa mwalawo utagwa, ndipo udatsekulidwanso mu 2025. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe kudapezekanso miyala yamtengo wapatali. Wophunzira za miyala wosadziŵa kumene madzi otsukira miyala adzathere akhoza kulemeretsa dziko n'kuipitsa mtsinje. Nayenso wophunzira za chilengedwe wosadziŵa kuŵerenga mapu a miyala adzasaina chikalata chimene sakuchimvetsa, kapena adzakana ntchito yabwino chifukwa cha mantha okha.

Tsono mbali ziŵirizi zingathandizane motani? Choyamba, m'zaka zoyambirira ophunzira onse akhale m'kalasi imodzi pa maphunziro a nthaka, a madzi apansi ndi a mapu. Chachiŵiri, maulendo okaphunzira kunja akhale amodzi. Galimoto imodzi yopita ku Michesi itenge onse, wina ayeze kutsetsereka kwa thanthwe, mnzake aŵerenge zitsa, madzulo ayerekeze zimene apeza. Pamene ndalama nzochepa, kugaŵana galimoto ndi zipangizo za m'labotale ndi nzeru ndithu. Chachitatu, kafukufuku wa chaka chomaliza azichitidwa aŵiriaŵiri pa vuto lenileni la anthu, monga madzi amchere a m'mijigo ina ya ku Chikwawa. Gwero la mcherewo angalifotokoze ndi wa miyala, koma zimene umachita kwa anthu ndi mbewu angazifotokoze ndi wa chilengedwe.

Ena adzati kusakaniza kotere kudzabala akatswiri odziŵa pang'ono pa chilichonse. Nkhaŵa imeneyi njomveka, ndipo palibe akuti nthambi ziŵirizi zisanduke imodzi. Aliyense azame pa ntchito yake, koma amve chinenero cha mnzake. Akale adati mutu umodzi susenza denga. Akuluakulu a sukuluzi aganizirepo msanga, pakuti m'munsi mwa mapiri athu mukugonabe anthu, ndipo mvula ibweranso.