TINACHOTSA ATSAMUNDA, TISAKHALE ATSAMUNDA A AMAYI AMASIYE

Mwezi wathawu ndinali pa maliro ku Ndirande. Womwalirayo anali dalaivala, bambo wa ana anayi. Nkhata za maluŵa zisanafote pa mtumbira, achibale a malemuwo anali atayamba kale kufunsana za makiyi a nyumba. Pa tsiku lachitatu galimoto inaima pabwalo. Ananyamula mipando, bedi, wailesi ndi makina osokera. Mayi wamasiye, amene kwa zaka zambiri anagulitsa mandasi ndi makala kuti agule njerwa ndi malata a nyumba yomweyo, anauzidwa kuti alongedze mapoto ake abwerere kwawo. Tinalipo ambiri, koma palibe amene anatsegula pakamwa. Ngakhale ine, amene ntchito yanga m'Chipani ndi kulankhula, ndinangoŵerama. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo andilembetsa nkhani ino.

Abale ndi alongo, ife Amalaŵi sitiyenera kulanda nyumba ya munthu wopanda mphamvu, pakuti ululu wake timaudziŵa bwino. Kuyambira m'chaka cha 1892, Harry Johnston, woimira boma la Britain, anapatsa Azungu zikalata zowatsimikizira kuti malo aakulu a ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba ndi awo. Makolo athu anasanduka alendo pa nthaka imene panali manda a makolo awo, nalipira malo okhalapo ndi thukuta la thangata. Nkhanza zimenezi ndi zina mwa zimene zinautsa Mbusa John Chilembwe mu Januwale 1915.

M'tauni ya Blantyre zinthu zinali chimodzimodzi. Ku Mandala ndi ku Sunnyside kunali kwa Azungu. Masitolo ambiri anali a Amwenye. Munthu wakuda ankafunika monga khukhi, mesenjala kapena wonyamula katundu, koma banja lake linayenera kudzipezera pokhala kunja kwa malire a tauni. Umo ndimo Ndirande inakulira m'tsinde mwa phiri, yopanda mipope ndi misewu yolongosoka. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsidwa m'chaka cha 1907, koma munthu wakuda analoŵamo koyamba m'chaka cha 1949. Ngakhale pa chisankho cha 1961 ovota anagaŵidwa paŵiri poyang'ana chuma ndi maphunziro: mipando 8 ya m'kaundula wapamwamba, momwe munadzaza Azungu ndi Amwenye, ndi mipando 20 ya m'kaundula wapansi. Lamulo linkayeza munthu ndi khungu lake ndi thumba lake.

Kodi amene anagwetsa zimenezi anali amuna okha? Iyayi! Mayi Rose Chibambo anasonkhanitsa amayi ku Zomba m'chaka cha 1952 kuti akane Chitaganya. M'chaka cha 1959, pa nthaŵi ya chipwirikiti, anamangidwa atangobereka kumene, naloŵa m'ndende ndi khanda m'manja. Amayi osaŵerengeka anaphikira omangidwa, nasunga mabanja amuna awo ali m'ndende. Ufulu wa pa 6 Julaye 1964 unagulidwa ndi misozi ya amayi pamodzi ndi magazi a abambo.

Koma tinene zoona ngakhale ziŵaŵe. Tsankho la khungu litachoka m'malamulo, tsankho lopondereza amayi linatsala. Lamulo la chuma cha masiye la 1967 linanena kuti mwamuna wa ukwati wa chikamwini akamwalira osalemba wilo, mkazi ndi ana alandire magawo aŵiri okha mwa magawo asanu, pamene magawo atatu apite kwa achibale oloŵa chuma mwa mwambo. Ku ukwati wa malowolo mkazi ndi ana ankalandira theka. Lamulo limeneli linapatsa adyera khomo loloŵera.

Khomo limenelo linatsekedwa. Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 amaletsa tsankho pa ndime 20, ndipo pa ndime 24 amapatsa mayi ufulu wokhala ndi chuma, payekha kapena pamodzi ndi mwamuna wake. Lamulo latsopano la chuma cha masiye la 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana, ndi iwo amene ankadalira malemuwo. Katundu wa m'nyumba ndi wa wotsalayo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wotengera munthu ku ndende. Tsono amene anabwera ndi galimoto ku Ndirande aja tiwatchule dzina lawo lenileni: ndi mbala.

Ndikudziŵa yankho lawo. Amati, "Ndi mwambo wathu." Mwambo uti? Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, ndipo nyumba ndi munda zimatsala m'manja mwa mbumba. Nkhoswe ndi malume anaikidwa kuti ateteze amayi ndi ana. Kumpoto, kumene kuli malowolo, mbale wa malemu ankasenza udindo wolera ana amasiye. Palibe mwambo wa makolo umene unati gulitsani makina osokera a mlamu wanu mukamwere moŵa. Anthu aŵa amakumbukira mwambo pogaŵana chuma, koma amauiŵala fizi ya ana ikafunika. Mwatsamunda ankanyamula chikalata, iwo anyamula dzina la mwambo, koma ntchito yawo ndi imodzi.

Amatinso, "Poloti ili m'dzina la mbale wathu." Inde, mapoloti ambiri a ku Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni analembedwa m'maina a amuna, popeza amuna ndiwo ankalembedwa ntchito m'makampani ndi m'Boma. Koma anatunga madzi oumbira njerwa ndani? Anasunga ndalama za chipereganyu zogulira simenti ndani? Dzina la pa pepala silifafaniza thukuta la m'khoma.

Nanga n'chifukwa chiyani lamulo labwino likugona tulo? Chifukwa chimodzi n'chakuti pamipando pomangidwa mfundo amayi ndi ochepa. Takhala tikumva mawu achipongwe akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, chonsecho Mayi Joyce Banda anatsogolera dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo Mayi Catherine Gotani Hara anasankhidwa kukhala Sipikala m'chaka cha 2019. Komabe pa chisankho cha chaka chimenecho amayi opambana sanafike 50 mwa mipando 193. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba anthu ntchito za Boma mbali iliyonse isachepere 40 pa 100 alionse. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limati mwa anthu 6 osankhidwa m'komiti ya malo, amayi asachepere atatu. Ife a Chipani tidzifunse: kodi amayi timawafuna pa kuvina ndi kululutira kokha, kapena timawapatsanso mpata wopikisana pa mipando? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komiti yopanda amayi siimva msanga kulira kwa mayi wamasiye.

Choncho apampando a nthambi ndi madera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, musamangopereka chipepeso pa siŵa n'kubwerera kwanu. Imani pamodzi ndi mfumu ya deralo, munene poyera anthu asanabalalike kuti katundu asasunthe mpaka lamulo ligwire ntchito yake. Wokana mukamnene ku polisi, ngakhale ali ndi khadi la Chipani.

Inu ogwira ntchito m'Boma, kwa DC, kwa Administrator General, ku makhoti ndi ku khonsolo ya mzinda, mayi wamasiye akafika pa tebulo lanu musamuuze kuti abwere maŵa. Tsiku lililonse limene fayilo yake ikugona m'kabati, ana ake akugona pakhonde la eni.

Ndipo inu abambo anzanga, kulemba wilo si kudziitanira imfa. Lembani, musayine pamaso pa mboni ziŵiri, ndipo dzina la mayi wa kunyumba lilembedwe pa chikalata cha poloti mukadali moyo. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Mayi uja wa ku Ndirande akhoza kudzakhala mkazi wanu, mlongo wanu kapena mwana wanu. Makolo athu sanakane thangata kuti ife tiliyambitsenso pa khomo la amasiye.