ZA PAKHOMO: Nyama ya Qurbani Isaonongeke

Ulendo uno tikambirane za kuyanika nyama ndi kuikometsera ndi madzi a zipatso, makamaka kwa ife a ku Karonga kumene kutentha kumaononga nyama msanga ndipo ambiri tilibe furiji.

Kuyanika nyama si kwachilendo kwa ife. Masiku atatu otsatira Eid-ul-Adha amatchedwa Tashriq, ndipo akuluakulu amafotokoza kuti dzinali linachokera ku mwambo woyanika nyama ya nsembe padzuwa. Tikazinga mbuzi kapena ng'ombe n'kugawira abale ndi osauka, gawo lotsala pakhomo tisalisiye kuti linunkhe.

Choyamba tichotse mafuta onse, pakuti mafuta ndiwo amayamba kununkha. Nyamayo tiilenge mizere yopyapyala, yosaposa kukula kwa chala. Pa kilogalamu 1 tithire masupuni aakulu 2 a mchere, madzi a mandimu 3, adyo wosinja ndi tsabola pang'ono. Amene ali ndi bwemba amviike m'madzi ochepa, asefe ndi kugwiritsa ntchito m'malo mwa mandimu. Tisakanizire m'mbale ya pulasitiki, chifukwa zowawasa zimadya poto wa aluminiyamu. Ikhale pamthunzi ola limodzi lokha.

Tichenjere ndi zipatso zotsekemera. Madzi a mango amaitana ntchentche ndipo amachedwetsa kuuma. Papaya ndi chinanazi zimafewetsa nyama mpaka kuphwanyika ikakhalitsamo. Komanso madzi a zipatso akagona m'kutentha amasasa n'kuyamba kusanduka mowa, chinthu chosaloledwa kwa Msilamu. Tifinye zipatso tsiku lomwelo.

Tidziwenso kuti mandimu amakometsa chabe. Chimene chimasunga nyama ndi mchere ndi kuuma. Tiyanike pachingwe kapena pathandala monga tichitira ndi usipa ku Ngara ndi ku Chilumba, titaphimba ndi nsalu yoyera yopyapyala. Neti ya udzudzu ayi, chifukwa ili ndi mankhwala. Madzulo tizilowetsa m'nyumba. Yauma bwino ngati ikulimba ndi kung'aluka poipinda.

Pali nkhani ina yofunika. Eid imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2024 ndi 2025 inali mu June, nyengo youma, koma pofika 2030 idzakhala mu April, pamene mvula imakhala isanathe ku Kaporo ndi ku Songwe. Dzuwa likasowa nyama imachita chuku. Choncho tiphunzitse ana athu kuwamba pamoto wa makala wosalilima, monga achitira asodzi ndi nsomba.

Tisunge m'thumba la nsalu pamalo opita mphepo, ndipo tisanadye tiziiphika mpaka ipse. Ikapsa ndi tomato ndi anyezi, pambali pali mpunga wa Kilombero, mlendo wobwera mwadzidzidzi sadzachoka ndi njala.