Nkhokwe ya data: yambani mwamvana kaye

Aliyense amene anachitapo geni akudziwa kuwawa kwake. Kubanki akulemba dzina lako mwina, kumsonkho mwina, kukhonsolo mwinanso. Ukapita kukafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Mukompyuta simukupezekamo, bwerani mawa."

Mankhwala a vutoli akuti ndi data warehouse, nkhokwe imodzi momwe nthambi zonse za kampani kapena boma zimathiramo zolembedwa zawo kuti zidziwerengedwa pamodzi. Ganizo ndi labwino, sitikukana. Koma ife tikuti chovuta si makina ayi, ndi anthu.

Taonani. A zamalonda akati "kasitomala" akunena aliyense wogula. A zandalama akunena yekhayo amene walipira. Akatswiri a kompyuta nawo, gulu lililonse lili ndi pulogalamu yake, ndipo likuumira zolembedwa zake ngati munda wa makolo. Mukathira zonsezi m'nkhokwe imodzi musanagwirizane, mutulutsamo manambala otsutsana. Chimanga chofumbwa sichichira poti mwachisamutsira m'nkhokwe yatsopano.

Ngakhale olemera zinawakanika. Mu 2002 dziko la Britain linayamba ntchito yolumikiza zolembedwa za odwala m'zipatala za NHS ku England. Madokotala sanafunsidwe mokwanira, makampani anakangana ndi boma, ndipo mu 2011 ntchitoyo inathetsedwa. Mtengo wake unafika pafupifupi mapaundi 10 biliyoni.

Kuno kwathu tisaiwale 2013. Pa Cashgate, anthu ankalowa mu IFMIS, kulipira makampani omwe sanagwire ntchito, kenaka n'kufufuta umboni. Nkhokwe inalipo, koma yopanda mlonda.

Tsono pempho lathu nali. Musanagule makina, khalani pansi mugwirizane tanthauzo la liwu lililonse. Munthu mmodzi akhale ndi nambala imodzi. Chiphaso cha unzika chomwe tinalembetsa mu 2017 chilipo kale. Zolembedwa zilizonse zikhale ndi mwini wodziwika, woti zikalakwika ayankhe. Aliyense wosintha kanthu asiye phazi looneka. Ndipo yambani ndi nthambi ziwiri, zikayenda muonjeze.

Inu ophunzira zamakompyuta, musamangoloweza mapulogalamu. Phunziraninso kumvetsera kalaliki ndi mayi wa pamsika, chifukwa ntchitoyi ndi yawo. Mutu umodzi susenza denga.

Zikapanda kutero, amene adzalipire ndi yemwe uja waima pamzere kuyambira m'mawa, okala yake ili yotseka.