Mamina a Mwana wa Kumkombaphala

Makolo anzanga, mwana akangoyamba sukulu ya mkombaphala, mamina sauma pamphuno. Ena amati ndi mwera, ena amaloza chala aphunzitsi. Koma gwero lake ndi mavairasi a mitundu yoposa 200 amene ana amapatsirana poyetsemula, pogwirana manja ndi pomwera kapu imodzi. Mwana wamng'ono angadwale chimfine ka 6 mpaka 8 pachaka, ndipo wa kumkombaphala amaposa apo, poti thupi lake silinazolowere tizilomboti.

Chondidandaulitsa ine ndi makapusozi a Amoxicillin ogula paokala. Mankhwala amenewa sapha vairasi, ngakhale mamina atabiriwira. Chimfine chimatha chokha pamasiku 7 mpaka 10. Mwanayo azimwa madzi kapena kuyamwa pafupipafupi, muzimupukuta mphuno ndi kumusambitsa m'manja ndi sopo. Uchi umafewetsa chifuwa, koma osapatsa khanda losakwana chaka.

Komatu kuno kunyanja, thupi likatentha musafulumire kunena kuti ndi chimfine chabe; kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo. Werenganinso kapumidwe kake ali phee. Mwana wa pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa pamphindi imodzi, kapena nthiti zikamalowa mkati, chikhoza kukhala chibayo. Thamangirani naye kuchipatala, musadikire kuche.