Zikomo potibwereka amayi anu

Kwa ana a malemu Amayi Aphunzitsi, ku Insaca, m'boma la Mecanhelas.

Achimwene ndi achemwali,

Tsiku loika maliro, amfumu atandipatsa mpata woti ndilankhule m'malo mwa onse amene anadutsa m'manja mwa amayi anu, mawu anandithera pammero. Ndinangoti "zikomo" n'kukhala pansi. Chibwerereni kuno ku Cuamba mtima sunandikhazikike, n'chifukwa chake ndalemba kalatayi, ndipo ndikupempha kuti iwerengedwe poyera. Ndikulembera inu chifukwa pamaliro aliyense ankatamanda malemu, koma palibe amene anatembenuka kuthokoza ana amene ankagawana nafe amayi awo.

Ine ndinabadwira ku Mecanhelas koma nzeru ndinazidziwira ku Machinga, ku Malawi, kumene makolo anga anathawira nkhondo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, bambo sanafulumire kubwerera. Anadikira kaye kuti aone ngati mfuti zakhaladi chete. Tinawoloka pa Nayuchi kulowa Entre Lagos mu 1994, katundu ali pamutu, ine ndili ndi zaka 10. Ku Malawi ndinali nditayamba kale kuwerenga Chichewa bwinobwino. Kuno ndinapeza kuti sukulu ndi ya Chipwitikizi chokhachokha, ndipo ambiri mwa ife obwerera tinangokhala duu, ngati ana opanda mutu.

Sukuluyo inali mthunzi wa mtengo wa mango, poti makoma akale anali atagwa ndi nkhondo. Bolodi linali thabwa limene amayi anu ankalidetsa ndi makala a m'mabatire akutha, ndipo choko chikasowa ankalembera makaka, chinangwa chouma chija. Tsiku lina anajambula nsomba n'kulemba pansi pake mawu akuti peixe. Tonse tinabwereza ngati zinkhwe. Iwo anatiyang'ana, anabwera pamene ndinakhala, n'kunjuta mpaka maso athu analingana. Anandifunsa chapansipansi m'Chinyanja kuti, "Mwana wanga, ichi kwanu mumati chiyani?" Ndinati nsomba. Anafunsanso mnyamata wina m'Chilomwe, iye n'kuyankha m'chilankhulo cha kwawo. Mawu atatu onsewo anawalemba moyandikana. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti zimene ndinkadziwa sizinatsale kutsidya kwa malire.

Nthawi imeneyo mphunzitsi wolankhula chilankhulo cha kumudzi m'kalasi ankatha kudzudzulidwa, ndipo amayi anu ankadziwa. Boma linadzayamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri mu 2003, m'masukulu owerengeka. Amayi anu anali atachita kale zimenezo kwa zaka pafupifupi khumi, pansi pa mtengo, popanda buku lowatsogolera. Ine ndimakhulupirira kuti ankaona patali kuposa amene ankabwera kudzawayendera. Chipwitikizi chimene ndimagwiritsa ntchito lero ndinachidziwa chifukwa anandilola kuyamba ndi chilankhulo cha amayi anga.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi chaka cha 1995, pamene nyanja ya Chilwa inauma. Akuluakulu amakumbukira: mabwato ali gadagada pamatope ong'aluka, matemba kulibe, makumba kulibe, mlamba kulibe. Mabanja amene ankadalira usodzi anasowa pogwira, ndipo ana anayamba kujomba, poti njala ilibe chifundo ndi mwana wasukulu. Amayi anu anatsegula nkhokwe yawo. M'mawa uliwonse panali mphika wa phala kuseri kwa nyumba yanu, ndipo aliyense wobwera kusukulu ankalandira chikho chimodzi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti aphunzitsi ndi anthu olemera. Ndinadzamva nditakula kuti malipiro awo anali ochepa, ena ankafika mochedwa, ndipo chimanga chimenecho ndi chomwe munalima inu nomwe ndi makasu anu. Inu achemwali aakulu, ndimakuonanibe m'maso mwanga mutagwada pamafuwa, utsi ukukulowani m'maso, mukutakasa phala ndi mthiko wautali. Munkagawira ife tonse, kenako n'kukokota zotsalira mumphika kugawana ndi ang'ono anu. Munali wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu zokha. Sindinakumvenipo mukudandaula, ngakhale ndikudziwa kuti masiku ena munkagona ndi njala chifukwa cha ife. Zikomo kwambiri, ndipo pepani kuti zanditengera zaka zonsezi kuti ndinene.

Nditakwanitsa zaka 14, kunyumba anagwirizana zoti ndikwatiwe. Mwamunayo anali ndi njinga ndiponso munda wa mpunga kudambo, ndipo kwa anthu amene anabwerera kwawo chimanjamanja zimenezi sizinali zazing'ono. Amayi anu anapita kwa amalume katatu. Sanakalipe, sanaopseze. Ankakhala pamkeka, n'kulandira madzi akumwa, n'kuyamba ndi nkhani za mvula. Ulendo wachitatu ananyamula kope langa la masamu n'kuliika m'manja mwa amalume, amene sankadziwa kuwerenga, n'kuwaonetsa tsamba ndi tsamba pamene anachonga. Pomaliza anati ngati vuto ndi chakudya, mwanayu azikadya kwawo. Umu ndi mmene ndinakhalira m'nyumba mwanu zaka ziwiri, ndikufunda bulangete limodzi ndi mng'ono wanu wotsiriza. Lamulo loletsa ukwati wa ana osakwana zaka 18 linadzakhazikitsidwa mu 2019. Nditawaimbira foni amayi anu kuwauza, anangoti akuthokoza Mulungu kuti aliona ali moyo, kenako n'kundifunsa ngati anthu a kumidzi ya kunyanja ya Chiuta alimva.

Atapuma pa ntchito sanapume. M'zaka zimene Edzi inkalowa nyumba ndi nyumba, anthu akuopa ngakhale kugwira chikho cha wodwala, iwo ankayenda ndi ndowa, sopo ndi chitenje chosinthira, kukasambitsa amene abale awo anawathawa. Kolera ikabuka pakati pa asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba ta panyanja, ankapita kudooko kukaphunzitsa amayi kuwiritsa madzi ndi kusakaniza mchere ndi shuga. Ine ndine namwino tsopano, ndipo ndimavala magolovesi ndi kulandira malipiro pa ntchito yomwe iwo ankaigwira ndi manja okha, mwaulere. Pa maulendo onsewo ndinu munkatsala pakhomo, kutunga madzi, kusinja, kulera adzukulu, ndi kudikira ndi nyali kufikira atabwera usiku.

Ndikudziwa kuti mwana wa mayi wotere amakhala ndi kakudandaula kake mumtima. Achimwene, munandiuza pa siwa kuti tsiku limene munathyoka mkono amayi anali kumaliro a munthu wachilendo, ndipo anakuperekezani kuchipatala ndi anansi. Munanena mukumwetulira, koma ine ndinamva kulemera kwake. Nthawi imene inkayenera kukhala yanu tinaidya ndife, ndipo sitingathe kuibweza.

Ife amene anatiphunzitsa tafunana. Ena ali ku Lichinga, ena ku Nampula, ena anabwerera ku Malawi, ambiri akulima komweko ku Mecanhelas. Tasonkha ndalama, ena mametikali, ena makwacha, ndipo pa 12 Okutobala, tsiku lokumbukira aphunzitsi m'dziko lathu, tikufuna kubwera ndi simenti ndi njerwa kuti timange chiliza. Tikupempha chilolezo chanu ndi cha eni mbumba, poti manda ndi a banja. Mawu olemba pamwalawo musankhe ndinu. Ife tangopempha kuti alembedwe m'Chinyanja, m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi, moyandikana. Chakudya cha tsikulo musavutike nacho. Ufa, ndiwo ndi nkhuni tibweretsa, tiphika ndife, ndipo achemwali aakulu mudzakhale pamkeka, mudzayambe kulandira ndinu.

Ndine mng'ono wanu,
mmodzi mwa ana a pansi pa mtengo wa mango.