ZA ALIMI: Injini ya Chigayo Ikakana Kulira

Abale anga a ku Mitundu ndi ku Nathenje, chimanga chauma m'minda, ndipo posachedwa amayi ayamba kusenza madengu kunka ku chigayo. Tsono zigayo zina za dizilo zakhala chigonere chiyambire January, pakuti miyezi ya njala chogayitsa chimasowa. Sabata yatha ndinapeza mwini chigayo wina kufupi ndi Nathenje thukuta lili kamukamu, akupukusa injini yake ya Lister, koma injini osalira. Nyundo inali kale m'manja.

Nthenda yake inali pa matapeti. Tapeti ndi kachitsulo kamene kamakwera ndi kutsika, kukankha ndodo yachitsulo imene itsegula valavu. Injini ikakhalitsa osayenda, oyilo wakale amasakanizika ndi fumbi la ufa nauma ngati phula, chinyezi cha dzinja chionjezerapo dzimbiri, ndipo tapetiyo amakanirira m'dzenje mwake. Valavu ikatsala yotseguka mphepo imathawa, ndipo dizilo sangayake.

Pa Lister yakale ndodozi zili ziwiri, poonekera pambali. Zunguzani gudumu lalikulu pang'onopang'ono ndi manja, maso ali pa ndodozo. Ziyenera kukwera ndi kutsika mosinthana. Imodzi ikakwera osabwerera, lekerani pomwepo. Ichotseni, ndipo dinikizani valavu yake ndi kamtengo. Valavu ikabwerera yokha, mlandu uli kwa tapeti.

Nyundo ibwezeni m'nyumba. Thirani parafini pamene tapeti alowera, mumsiye agone usiku wonse. M'mawa mumpotokole uku ndi uku ndi zala, ndi kumgogoda pang'ono ndi chipika cha mtengo. Akakana, thiraninso parafini, mudikire tsiku lina. Ndidziwa kuti kudikira kuwawa pamene anthu ali pakhomo ndi matumba, koma mukathyola chitsulo mudzachifuna mpaka ku Lilongwe, ndipo injini zimenezi analeka kuzipanga ku England mu 1987. Zofanana nazo zichokera ku India, koma si zitsulo zonse zimene zigwirizana.

Tapeti akamasuka, mtsukeni m'parafini pamodzi ndi dzenje lake. Dzimbiri lichotseni ndi sandipepala wosalala, osapala kwambiri. Mpakeni oyilo watsopano ndi kumbwezera pamalo pake penipeni, awiriwo musawasinthanitse. Pambuyo pake khuthulani oyilo yense wa m'injini, chifukwa parafini uja watsikira momwemo ndi kumsungunula. Ambiri amaiwala zimenezi, naononga injini imene angoichiza kumene. Mpata wa pakati pa valavu ndi chokankhira chake uyesedwe injini ili yozizira, monga linenera buku la injiniyo. Ngati buku mulibe, itanani makaniko.

Mnzanga uja chigayo chake chinalira tsiku lachitatu. Ndinamuuza kuti dzinja likudzalo azizunguza gudumu kamodzi pa sabata, adonthezere oyilo pa matapeti, ndi kusiya gudumu pamene lilimba, pakuti pamenepo mavalavu onse awiri ali otseka.